Sikimu ya chipatala inatha bambo ali pa dialysis: zomwe tinadutsamo ndi matenda a impso

Ndikulembera anthu amene ali ndi kholo kapena m'bale wodwala shuga kapena BP, makamaka amene anamulembetsa pa sikimu ya chipatala n'kukhazika mtima pansi kuti zonse zili m'malo. Bambo athu anadwala impso kumapeto kwa 2023, ndipo m'miyezi yochepa tinayenda mbali zonse ziwiri, chipatala cholipira ndi cha boma. Sikimu inawapulumutsa sabata yoyamba. Koma amene akuwasunga mpaka lero ndi makina a boma a dialysis, osefa magazi impso zikalephera, ndipo tinachedwa kufika kumeneko chifukwa cha zinthu zimene zikanatheka kukonzedwa kale popanda kutulutsa ngakhale tambala.

Tinawalembetsa kumayambiriro kwa 2022 pa sikimu ya kuntchito kwanga ngati munthu woonjezera, ndalama yake n'kumadulidwa ku malipiro mwezi ndi mwezi. Pa fomu pali malo ofunsa matenda amene munthu ali nawo kale, ndipo tinalemba zoona: shuga ndi BP. Pamenepa musanamepo. Kampani ya sikimu ikadzatulukira kuti matenda analipo koma munabisa, imakana kulipira, ndipo kutulukirako sikuvuta chifukwa dokotala amalemba mbiri ya wodwala pa mapepala amene amapita ku kampaniko pamodzi ndi bilu. Titanena zoonazo anatipatsa nthawi yodikira. Pa sikimu yathu inali miyezi itatu pa matenda wamba ndi chaka chathunthu pa matenda amene munthu walowa nawo. Nthawi yonseyo ndalama imadulidwa, koma pa matenda amenewo simuthandizidwa. Makampani a kuno, MASM ndi ena, aliyense ali ndi malamulo ake pa nthawi yodikira, pa zaka za munthu amene angalowe, ndi pa magulu a sikimu kuyambira lotsika mtengo mpaka la VIP. Zonsezi zimalembedwa m'kabuku kofotokoza zimene sikimu imalipira ndi malire ake. Ife tinalandira khadi lokha. Kabukuko tinakawerenga bambo ali kale pa bedi, ndiye inu kafunseni tsiku lomwe mukusainira fomu, kapena lero lomwe ngati munasaina kale.

Chaka chodikiracho bambo anapitiriza kupita ku kiliniki ya shuga ndi BP pachipatala cha boma cha kwathu. Kumeneko kunali kulawirira m'mamawa, mzere wautali, ndipo nthawi zina mankhwala ena kunalibe. Chaka chitatha tinawasamutsira ku kiliniki yolipira ndipo tonse tinasangalala. Ankafika, kuonetsa khadi, kuyezedwa BP ndi shuga wa pachala, kulandira mankhwala a mwezi wonse, amlodipine wa BP ndi metformin wa shuga, n'kubwerera dzuwa lisanatenthe. Buku lawo la kuchipatala linangotsalira m'sutikesi, ndipo ku boma dzina lawo linasiya kuoneka.

Ulendo uliwonse ankakumana ndi dokotala wina, amene ankangopitiriza mankhwala amene mnzake analemba. Impso sizinayezedwe, nafenso sitinkadziwa kuti zimapemphedwa. Munthu wa shuga kapena BP amayenera kuyezedwa impso kamodzi pachaka, ndipo mayeso ake ndi awiri. Oyamba ndi a mkodzo, kuona ngati mukutuluka mapuloteni. Amachita ndi kapepala koviika ndipo sachedwa. Achiwiri ndi a magazi, otchedwa creatinine, amene dokotala amawerengera nambala ya eGFR yosonyeza mphamvu imene impso zatsala nayo. Nambalayi ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, impso zayamba kuwonongeka ngakhale munthu akuyenda bwinobwino. Ikatsika pansi pa 30, metformin amayenera kusiyidwa. Pansi pa 15 ndiye kuti impso zalephera. Sikimu yathu ikanalipira mayeso onsewa mosavuta, ndipo zipatala za boma za m'maboma ndi zina za mishoni za CHAM zimayezanso makina akamagwira ntchito. Pamwamba pa izi, bambo ankamwa Indocid ndi bulufeni wogula pagolosale chifukwa cha mawondo. Mankhwala opha ululu a mtundu umenewu, pamodzi ndi diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo kwa munthu amene impso zake zafooka kale amafulumizitsa vuto. Panado ndiye akanawayenera.

Chimene chinayamba ndi kutupa mapazi. Kenako anasiya kufuna chakudya, nseru m'mawa uliwonse, thupi kuyabwa, ndipo usiku ankalephera kugona chagada chifukwa cha befu. Amayi ndi amene anaimba foni atawaona akugona chokhala pampando. Tinawatengera ku chipatala cholipira cha mu tauni, ndipo apa sikimu inaonetsa ntchito yake. Tsiku lomwelo anayezedwa magazi ndi mkodzo, anajambulidwa pachifuwa, anawaunika impso pa sikani, ndipo madzulo zotsatira zonse zinali pa tebulo la dokotala. Creatinine, amene kwa munthu wathanzi amakhala cha m'ma 60 mpaka 110, anali atadutsa 900. Potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, anali pamwamba moti akanatha kuimitsa mtima. Sikani inaonetsa kuti vutoli ndi lakale, impso sizidzabwereranso. Dokotala anati, "Bambo akufunika dialysis usiku womwe uno." Ndinachita mantha kwambiri, koma ndinadzilimbitsa mtima poganiza kuti khadi lilipo.

Khadi lokha silikwanira pa chithandizo chachikulu. Kugonekedwa, opaleshoni, sikani zazikulu ndi dialysis zimafuna chilolezo cha kampani chisanayambe chithandizo. Chipatala chimatumiza kalata ya dokotala, kampani n'kuyankha ndi nambala ya chilolezo. Inali usiku wolowera Loweruka ndipo yankho silinabwere msanga, choncho chipatala chinafuna dipoziti kuti ayambe. Tinalipira, bambo anaikidwa katheta pakhosi, kapaipi kolumikizira makina ku mtsempha, ndipo anasefedwa magazi koyamba kwa maola awiri okha, chifukwa ulendo woyamba safulumizitsa, thupi limatha kudzidzimuka. Pofika Lolemba ankapuma bwino n'kumapempha phala. Sungani nambala ya foni ya zadzidzidzi ya sikimu yanu, ndipo mukalipira dipoziti tengani lisiti lolembedwa dzina la wodwala monga lilili pa khadi. Kubwezeredwa ndalama kuli ndi nthawi yake yotsekera, ndipo lisiti losiyana dzina ngakhale pang'ono limabwezedwa.

Tsiku lotuluka tinakumana ndi shortfall, ndalama yotsala pa bilu imene sikimu silipira. Anthu ambiri akamva kuti sikimu imalipira 80 peresenti amaganiza kuti ndi 80 peresenti ya bilu. Imakhala 80 peresenti ya mtengo umene kampaniyo inaika pa chithandizocho, ndipo mtengo wa chipatala umatha kukhala pamwamba pake. Tiyerekeze kuti chipatala chalipiritsa K100,000 pa chinthu chimene kampani imachiwerengera K70,000. Kampani ilipira 80 peresenti ya K70,000, yomwe ndi K56,000, ndipo K44,000 yotsalayo ndi yanu. Ifeyo zinatigwera pa nthawi yoipa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Zipangizo za dialysis, sefa yake, timapaipi ta magazi ndi madzi a mankhwala, zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Chipatala chinakweza mitengo nthawi yomweyo pamene mitengo ya kampani inali idakali yakale, ndipo kusiyanako kunagwera ife. Pemphani bilu yolembedwa chinthu chimodzichimodzi. Pa yathu tinapeza mankhwala amene dokotala anawaletsa tsiku lachiwiri akuwerengedwabe mpaka tsiku lotuluka, ndipo titaonetsa anachotsa popanda mkangano.

Vuto lalikulu linali malire. Kabuku kaja kanali ndi nambala imodzi yaikulu ya ndalama za pachaka, imene aliyense amaiona n'kusangalala. Pansi pake panali timalire ting'onoting'ono: mankhwala a matenda okhalitsa malire ake, labu malire ake, mano ndi magalasi malire ake, dialysis malire akenso. Ndalama ya gawo lina singasamutsidwire ku gawo lina. Ndiye werengani nokha. Wodwala amene impso zake zalephera amayenera kusefedwa katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, kutanthauza maulendo 156 pachaka. Ngakhale atachepetsa n'kukhala kawiri pa sabata, ndi maulendo 104. Funsani mtengo wa ulendo umodzi ku chipatala cholipira, muchulukitse ndi 104, kenako muyerekeze ndi malire a dialysis pa sikimu yanu. Kwa ife ulendo umodzi unkaposa lendi ya mwezi ya nyumba imene ndimakhala, ndipo malire a sikimu anatha miyezi itatu isanakwane. Palibe amene anatichenjeza kuti akutha. Tinangouzidwa pa kauntala kuti khadi lakanidwa, bambo atakhala kale pa benchi kudikira makina. Kampani iliyonse imatha kukuuzani ndalama yotsala pa gawo lililonse mukafunsa, ndiye muzifunsa sabata iliyonse matenda akakula.

Tinayamba kulipira tokha. Achimwene a ku Joni ankatumiza pa Mukuru, amayi anabwereka ku banki m'khonde, ng'ombe ziwiri zinagulitsidwa motchipa chifukwa ogula ankadziwa kuti tapanikizika. Ndalamazo zinkangodutsa ngati madzi otungira m'dengu. Kenako tinayamba kudumphitsa masiku, kamodzi pa sabata m'malo mwa kawiri, ndipo bambo eni ake ndi amene ankalimbikira zimenezi. "Mwanawe, musathere chuma pa ine," ankatero. Mawu amenewa ankandipweteka kuposa bilu. Kudumphitsako sikupulumutsa ndalama. Madzi amene impso zalephera kutulutsa amadzaza m'mapapo, potaziyamu amakwera, ndipo sabata yachitatu tinawathamangira nawo usiku akulephera kupuma. Kugonekedwa kwadzidzidzi kumeneko kunadya ndalama zoposa maulendo onse amene tinadumphitsa.

Nesi wina wa ku dialysis ndi amene anandikokera pambali n'kundifunsa ngati bambo ali ndi fayilo ku chipatala chachikulu cha boma. Analibe. Boma lili ndi makina a dialysis ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo wodwala salipira. Koma makina ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, ndipo munthu wa impso zolephereratu akalowa amagwira malowo moyo wake wonse. Madokotala amaika patsogolo odwala amene impso zawo zaima mwadzidzidzi koma zingathe kuchira, monga wodwala malungo aakulu, mayi amene wataya magazi ambiri pobereka, kapena mwana. Ndinamvetsa chifukwa chake ngakhale kuti amene ankadikira anali bambo anga. Odwala okhalitsa amaonedwa kaye ku kiliniki ya impso, madokotala n'kuunika msinkhu, matenda ena amene ali nawo, mtunda wochokera kunyumba, ndi ngati pali womuperekeza mokhulupirika. Kenako amadikira malo.

Mzere umenewu umayamba kuwerengedwa tsiku limene mwaonekera ku kiliniki ya boma. Miyezi imene takhala tikulipira kwina sinawerengedwe. Tikanapita kukatsegula fayilo sabata imene bambo anatuluka m'chipatala koyamba, kudikira kwathu kukanachitika sikimu ikulipirabe, ndipo ng'ombe zija zikanakhalapo. Palibe lamulo loletsa munthu wa sikimu kukhala ndi fayilo ku boma. Chitani zonse ziwiri nthawi imodzi.

Popita kumeneko tengani izi. Kalata yotumiza wodwala, yolembedwa ndi dokotala amene akumuona, yofotokoza matenda, mankhwala ndi masiku amene wasefedwa. Chipatala chachikulu chimalandira anthu otumizidwa, ndipo wofika chimanjamanja amabwezedwa kukayambira ku chipatala chaching'ono. Buku la kuchipatala, lakale lomwelo ngati lilipo, chifukwa limaonetsa mbiri ya BP ndi shuga ya zaka zambiri. Makope a zotsatira zonse za magazi motsatana masiku, ndi lipoti la sikani ya impso. Zotsatira za hepatitis B, hepatitis C ndi HIV, chifukwa palibe amene amaikidwa pa makina asanayezedwe zimenezi, ndipo wa hepatitis B amafuna makina akeake. Mayeso atatuwa tinachitira ku labu yolipira pa khadi la sikimu, popeza gawo la labu linali lisanathe, ndipo zinatichotsera masabata odikira. Chiphaso cha unzika cha wodwala musachiiwale. Funsiranitu tsiku limene kiliniki ya impso imakumana, chifukwa sikhala tsiku lililonse. Mukaona kuti mapepala anu akungozungulira, kapena wina akufuna ndalama kuti akukankhireni kutsogolo, zipatala za boma zili ndi ofesi ya Hospital Ombudsman yolandira madandaulo, ndipo kudandaulako n'kwaulere.

Tinadikira pafupifupi miyezi iwiri, tikulipirabe kwina movutika, mpaka foni inalira kuti malo apezeka, kawiri pa sabata. Amayi analira pafoni. Ine ndinasangalala, komabe ndinkadziwa kuti malo pa makina kawirikawiri amapezeka chifukwa wodwala wina watisiya.

Ku boma dialysis ndi yaulere, koma banja limalipirabe zambiri. Bambo sakanatha kuyenda kuchokera kumudzi kawiri pa sabata, ndiye anasamukira mu tauni, munda n'kutsala m'manja mwa aganyu. Akatsika pa makina amakhala ofooka ndi chizungulire, minibasi sayikwanitsa, choncho pamafunika galimoto yahayala pobwerera. Gadiyani amataya masiku awiri a ntchito sabata iliyonse. Impso zikalephera magazi amachepa, ndipo wodwala amafuna jakisoni woonjezera magazi wa erythropoietin ndi ayironi. Nthawi zina chipatala chimakhala nazo, nthawi zina amakulemberani kuti mukagule ku famase, ndipo erythropoietin amasungidwa mu filiji, osati mu filiza, zomwe zimavuta magetsi akamazimazima. Pali masiku amene makina amawonongeka, kapena makina oyeretsa madzi aima, kapena zipangizo zachedwa kufika, ndipo mumauzidwa kuti mubwere tsiku lina. Chakudya nachonso chinasintha mtengo wa pakhomo. Nthochi, mapeyala, tomato wambiri ndi mbatata zili ndi potaziyamu wochuluka. Masamba amawiritsidwa m'madzi ambiri, madziwo n'kutayidwa. Thelere la chidulo analetsedwa, popeza chidulo n'chochokera ku phulusa ndipo n'chodzaza potaziyamu. Madzi akumwa amayezedwa: kuchuluka kwa mkodzo wa dzulo kuonjezerapo theka la lita, kuwerengera tiyi ndi phala lomwe.

Abale ena anati tiisiye sikimu popeza yatikhumudwitsa. Sitinaisiye, ndipo ndikuona kuti tinachita bwino. Munthu amene ali pa dialysis akatuluka mu sikimu, kubwereranso n'kovuta: kampani ina iliyonse idzamuona ngati wolowa ndi matenda, ndipo ikhoza kumukana kapena kumupatsanso nthawi yodikira. Chaka cha sikimu chitayambiranso, malire onse anabwerera poyambira, ndipo tinasintha kagwiritsidwe kake. Gawo la dialysis sitilikhudza pokhapokha tsiku limene ku boma kwalephereka, ndipo mwa njira imeneyi limafika kumapeto kwa chaka. Gawo la mankhwala a matenda okhalitsa limagula erythropoietin ndi mankhwala a BP amene asowa. Kuti gawo limeneli litseguke, dokotala amayenera kudzaza fomu yolembetsa wodwala ngati wa matenda okhalitsa. Popanda fomuyo, mankhwalawo amadulidwa ku gawo la mankhwala wamba, limene ndi laling'ono ndipo limatha msanga. Gawo la labu limayeza magazi mwezi uliwonse ngati ku boma mankhwala oyezera atha.

Gawo la opaleshoni ndi limene linatithandiza kwambiri. Katheta wa pakhosi amene amaikidwa mwadzidzidzi ndi wa masabata ochepa chabe. Akakhalitsa amalowetsa tizilombo m'magazi, ndipo bambo anagonekedwapo ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera chifukwa cha iyeyo. Njira yokhalitsa ndi fistula ya pamkono, pomwe dokotala wa opaleshoni amalumikiza mtsempha wobweretsa magazi ndi wobweza magazi kuti ukule, singano za makina zizilowa pamenepo. Ikachitidwa imafuna masabata 6 mpaka 12 kuti ikhwime, ndiye kuchedwa kuichita ndi kuonjezera masiku a katheta. Tinaichitira ku chipatala cholipira ndi chilolezo cha sikimu, titafunsiratu shortfall yake polemba tisanasaine. Mkono umene wasankhidwa, kawirikawiri umene munthu sagwiritsa ntchito kwambiri, usayezedwenso BP, usabayidwe jakisoni, usatengedwe magazi, usaikidwe dilipi, ndipo izi ziyambe fistula isanachitidwe n'komwe. Wodwala ndi gadiyani ndi amene ayenera kukumbutsa ogwira ntchito nthawi zonse.

Za kuikidwa impso ina tinafunsa. Odwala otere amapita kunja, makamaka ku India, ena kudzera ku komiti ya Unduna wa Zaumoyo yoona zotumiza odwala kunja, imene ili ndi mzere wake wautali, ena pa sikimu za magulu apamwamba. Ngati sikimu yanu yalemba kuti imalipira chithandizo cha kunja, funsani ngati ikuwerengera mayeso ndi opaleshoni ya wopereka impso, ndege ya anthu atatu, malo ogona a miyezi ingapo, ndi mankhwala oletsa thupi kukana impso yatsopanoyo, monga tacrolimus, amene munthu amamwa moyo wake wonse akaikidwa impso. Kwa bambo, madokotala anati msinkhu ndi mtima wawo sizikulola, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Pali chinthu china chimene ndinakafunsa ku ofesi ya kuntchito nditaona kuti bambo akudalira khadi limeneli. Sikimu ya kuntchito imatha tsiku limene ntchito yatha, kaya mwachotsedwa, mwasiya kapena mwapuma, ndipo onse amene munawalembetsa amathera limodzi nanu. Kampani ya sikimu yathu imalola munthu kupitiriza payekha popanda nthawi yatsopano yodikira, koma pokhapokha apemphe polemba m'masiku ochepa ntchito itangotha ndipo pasakhale mwezi wodumpha osalipira. Funsani za kwanu mudakali pantchito, ndipo yankho likhale lolembedwa. Fufuzaninso ngati abwana anu akutumizadi ndalama imene akukudulani, chifukwa ikachedwa kufika khadi limatsekedwa ngakhale pa pepala la malipiro pakuoneka kuti mwadulidwa.

Amayi nawonso ali ndi BP. Ali pa sikimu, koma buku lawo la kuchipatala likuyenda, ndipo amapitabe ku kiliniki ya boma pa tsiku limene apatsidwa. Zotsatira za ku labu yolipira timazimata m'buku lomwelo kuti dokotala wa mbali iliyonse aziona zimene mnzake wapeza. Mkodzo ndi creatinine amayezetsa mu Januwale, malire a labu akangoyambiranso.